Kawindo Kamene Ndinakana

Ana anga, za ubwana wanga ku Chadiza sindilemba, mulibe kanthu m'menemo koma mbuzi ndi mphere. Moyo umene ndikufuna muudziwe unayamba tsiku limene ndinavala epuloni yoyera ku Kabwe. Pamene ndalakwitsa chaka mundikhululukire, ndakalamba. Koma pamene ndalemba kuti wakuti ananena chakuti musanditsutse, chifukwa makutu anga sanapume pantchito mpaka lero.

1965, Katondo

Ndinafika m'tauni ndi atate anu aTembo, amene anali atapeza ntchito yokonza njanji. Tauni inali ikutchedwabe Broken Hill. Kutchalitchi kwathu, kumene tinkasonkhana ife a Kum'mawa, kunali mkulu wa mpingo dzina lake aMbewe, munthu wamtali, wosaseka wamba, amene anagwira zaka zambiri ntchito yoperekera tiyi kwa azungu m'sitima. Atapuma ntchito imeneyo anapeza chipinda chimodzi pafupi ndi msika wa Katondo, anaikamo matebulo atatu, mipando, mbaula ndi ketulo yaikulu, ndipo pamwamba pa chitseko analembapo mawu awiri: Khalani Pansi. Akazi awo ndiwo anandiona ndikutsuka mbale paukwati wina, n'kukauza amuna awo kuti kuli mtsikana amene satsuka ngati akuthawa mvula. Lolemba lotsatira ndinali pantchito.

Inu obadwa ufulu utabwera kale simungalimve dzina limenelo ndikapanda kukufotokozerani. M'masiku a atsamunda, m'masitolo ena a m'tauni munthu wakuda sankalowa pakhomo. Kumbali kwa nyumba kunkakhala kawindo, kabowo pakhoma kongokwana dzanja ndi theka la nkhope. Unkaima panja, kaya kuli dzuwa kaya mvula, n'kunena chimene ukufuna, ndipo wa m'kati ankakuponyera osakuyang'ana n'komwe. AMbewe, amene ankanyamulira azungu tiyi pathireyi yonyezimira, akatsika sitima ankagula tiyi wawo pa kawindo koteroko, m'chitini, n'kumwa chiimire. Sanaiwale. Tsiku langa loyamba sanandiphunzitse kupima masamba kapena kukanda mabanzi. Anandiimika pakhomo nati:

"Naphiri, pano lamulo ndi limodzi. Munthu akalowa, usamufunse chimene akufuna asanakhale. Ayambe wakhala, apume, ndiye umufunse. Kapu ya pano situluka pakhomo, sidutsa pawindo, ndipo siperekedwa kwa munthu woimirira."

Ine ndi mutu wanga woumawu ndinaona ngati zamasewera. Sabata yachiwiri kunabwera bambo wina wa kumgodi, lipenga la shifiti likulira kale, akupempha kuti ndimupatse msanga amwere pakhomo. Ndinamupatsa. AMbewe anachoka ku mbaula, anamulanda kapu mwaulemu, anamukokera mpando, anamuthirira tiyi m'sosa kuti azizire msanga, ndipo munthu uja anamwa atakhala n'kuthamangira ntchito yake. Ine sanandikalipire. Anangondiuza kuti tsiku limenelo chakudya changa chamasana ndikadyere panja, chiimire. Ndinadya misozi ikugwera m'mbale, amayi a pamsika akundiseka, ndipo sindinabwerezenso.

Dzinalo linatisokonezaponso. Tsiku lina kunalowa mayi wachikulire wa mtundu wa Alenje amene anabwera kudzagulitsa nkhuku. Ndinamulandira ndi mawu athu a masiku onse, khalani pansi, ndipo iye anayang'ana mipando, anayang'ana ine, n'kukhaladi pansi penipeni, pasimenti, miyendo atatambasula. Sankaganiza kuti mpando wa m'sitolo ungakhale wake. Ndinatsala pang'ono kuphulika nako kuseka, koma aMbewe anagwada pambali pake, anamulankhula m'Chilenje chawo chothyokathyoka mpaka anamukweza pampando. Mayi uja anagwira sosa ndi manja awiri ngati akulandira mgonero. Kuyambira pamenepo tonse tinaphunzira kunena mawuwo dzanja lili kale pampando, ndipo tinkawanenanso m'Chibemba kuti pasapezeke wonena kuti sanamve.

1968 mpaka 1976, malo asanu ndi amodzi

Mbiri inayenda yokha. A kumgodi, a kunjanji, aphunzitsi, amayi a pamsika, onse ankadziwa kuti pa Khalani Pansi wa ovolosi yafumbi ndi wa tayi amamwera makapu ofanana. Mu 1968 aMbewe anatsegula malo achiwiri pafupi ndi sitesheni, aakulu, a matebulo khumi ndi awiri, ndipo patapita zaka ziwiri anandiika ine kukhala manijala wa pamenepo. Amuna ena amene tinkagwira nawo anang'ung'udza kuti mkazi wolekeza Sitandade Folo angawalamulire bwanji. Ndinawayankha kuti ketulo sifunsa satifiketi, ndipo amene sanakondwe ankadziwa kumene kuli chitseko. Anatuluka mmodzi yekha, enawo anameza malovu n'kugwira ntchito.

Zaka zimenezo msewu wa kumpoto unadzaza malole onyamula mafuta ndi katundu kuchokera kudoko la ku Tanzania. Madalaivala ankafika maso ali psuu, fumbi mpaka m'makutu, ndipo ndiwo anauza aMbewe kuti ukangochoka ku Kabwe palibe pomwe ungamwe tiyi ngati munthu. Choncho tinatsegula ku Kapiri Mposhi, kenaka ku Mkushi, kenaka ku Serenje, ndipo kumwera tinafika ku Chisamba. Kulikonse wotumidwa kukatsegula ndinali ine. Ndinkakhalako mwezi kapena iwiri, mwana ali kumsana, Yosefe ku Kapiri, Tamara ku Mkushi, ndikuphunzitsa atsikana kutsuka tipoti ndi madzi otentha asanaikemo masamba, kusaphika masamba omwewo kawiri, kusaponya vitumbuwa mafuta asanapse. Koma phunziro loyamba linali lomwe lija la pakhomo. Ku Serenje lole yonyamula mipando inafera panjira, ndipo ndinakana kutsegula masiku atatu ngakhale madalaivala ankagogoda ndi kutukwana, mpaka ndinakabwereka mabenchi kutchalitchi china. Mamanijala onse a malo amenewa anadutsa m'manja mwanga. Amene ndinkamukonda koposa anali Bana Mwape wa ku Kapiri, mayi wa Chibemba wolongolola kuposa ine, zimene atate anu ankati n'zosatheka.

Ndinkanyada, ndipo sindibisa. Ndikakwera basi, anthu osawadziwa ankandisiyira mpando n'kumauzana kuti awa ndi bamayo a pa Khalani Pansi.

Mu 1975 atate anu anamwalira ndi chifuwa. Maliro asanazizire tinauzidwa kuti nyumba ya kunjanji ikufunika kwa wina. Ndinali ndi ana asanu, wondilandira kumudzi ndinalibe, chifukwa makolo anga anali atatha kale. AMbewe ndiwo anatitola. Anali atagula nyumba ku Kamushanga, ya zipinda zinayi, ya mpopi pakhomo ndi magetsi, kuseri kuli mtengo wa gwafa. Anandiuza poyera kuti nyumbayo si yanga koma ya udindo, amene ali manijala wa kusitesheni ndiye wokhalamo. Ndinavomera ndi mtima wonse, poti ndani akanandichotsa? Malita, mwana wanga woyamba, anapeza kachipinda kake ndi katebulo kowerengera, ndipo anayamba kutiuza tonse kuti adzakhala nesi.

1978, kusowa kwa zinthu

Kenaka zinthu zinayamba kusowa. Shuga, sopo, mafuta ophikira, ufa wa buledi, zonse zinkaoneka mwa apo ndi apo. Ukaona mzere unkayamba waima, ndiye n'kufunsa wa patsogolo pako kuti akugulitsa chiyani. Ife sitinatseke ngakhale tsiku limodzi. Mabanzi akasowa tinkaphika mbatata ndi chinangwa. Makapu tinkatsuka ndi phulusa ndi madzi owira. Ku Mkushi ankatitumizira uchi m'mabotolo. Shuga akapezeka wochepa ndinkamuthira yense m'ketulo yaikulu kuti aliyense alaweko mofanana, ndipo akatheratu ndinkaima pakhomo n'kulengeza kuti lero tonse tikumwa wowawa, amene akufuna kutsekemera amwetulire mnzake. Anthu ankaseka n'kulowa.

Chaka chimenecho aMbewe anagwa m'tchalitchi, n'kufa mbali imodzi. Pakamwa panapotoka, mawu anatsala awiri kapena atatu osamveka. Bizinesi inagwera mwana wawo Gidiyoni, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Lusaka kumene anaphunzira zamalonda. Ndimuchitire chilungamo: sanali munthu woipa, sanali waulesi, sankamwa. Koma ankaona mipando pamene atate ake ankaona anthu.

Chakumayambiriro kwa 1979 anabwera kusitesheni Lolemba m'mawa ndi choko m'thumba. Anapita pakhoma la kumbali, loyang'ana kumsewu, n'kujambulapo kabokosi m'kati ndi kunja komwe. Anandifotokozera kuti shuga wochepa amene tikupeza azikhala wa m'kati, wa anthu a m'maofesi amene sangadandaule mtengo ukakwera. Ena onse, apaulendo, a kumgodi, amayi a mitolo, azigula tiyi wopanda shuga pa kawindo, amwe msanga, azipita. Tiyambira kusitesheni, kenaka malo onse asanu ndi amodzi. Tikapanda kutero, anatero, atsikana ena achotsedwa ntchito chaka chisanathe.

"Ba Naphiri, nthawi za adadi zinapita," anatero. "Anthu khumi akukhalira mipando ndi tiyi wowawa, wofuna kudya zenizeni akuima pakhomo n'kubwerera. Kawindo ndi bizinesi chabe, si utsamunda. Wogulitsa ndi wogula tonse ndife akuda."

"N'chimene chikundiwawa chimenecho," ndinamuyankha. "Mzungu sankadziwa mmene zimapwetekera. Iwe atate ako anakuuza."

Ndinamva ndekha kuti ndanena iwe kwa bwana wanga pamaso pa atsikana, koma mawu akatuluka sabwerera. Nkhope yake inauma. Anandiuza kuti mmisiri abwera Lachinayi, kuti ngati ine sindingathe alipo amene angathe, ndipo kuti ndikudziwa bwino kuti nyumba ya ku Kamushanga imayenda ndi udindo.

Ana anga, ndinaopa. Musaganize kuti mayi wanu anali mkango. M'masiku awiri amenewo ndinaswa kapu koyamba m'zaka khumi. Ndinaganiza zopita kwa aMbewe, koma kukaika nkhani yotere pamaso pa munthu wosatha kuyankha, kumuyambanitsa ndi mwana wake ali pamphasa, ndinaona kuti n'kulakwa. Ndinadziuza kuti khoma ndi la eni, kuti mwina Gidiyoni akunena zoona za atsikana, kuti mkazi wamasiye wa ana asanu salimbana ndi mtunda wopanda khasu. Lachitatu masana ndinali nditavomera kale mumtima mwanga. Ndiye ndinatuluka kukataya madzi otsukira, n'kupezeka ndaima patsogolo pa kabokosi ka choko kaja, panja. Panali pambali pa ngalande imene tinkatayamo madziwo. Panalibe mthunzi. Ndinatambasula dzanja langa kuyeza, ndipo ndinaona kuti kuti munthu aone wa m'kati ayenera kuwerama. Ndinaganiza amayi otsika sitima ndi ana kumsana atawerama pamenepo, wowapatsa kapu ndili ine Naphiri. Kuvomera kwanga kuja kunathera pomwepo.

Lachinayi

Ndinatsegula monga mwa masiku onse. Kenaka ndinatenga mpando umodzi, ndinauika m'kati pansi pa kabokosi kaja, n'kukhalapo msana utatsamira khoma, epuloni ili m'thupi. Atsikana anandiyang'ana ngati ndapenga. Ndinawauza kuti asamale makasitomala, ine lero ntchito yanga ndi yokhala.

Mmisiri anafika ndi hamala ndi tchizulo m'thumba la saka. Anali ba Chanda, bambo wa imvi, wodziwika m'tauni monse pa ntchito yomanga. Ndinauza mtsikana kuti awakhazike kaye awathirire tiyi, lamulo ndi lamulo. Atamwako anafunsa kuti poboola ndi pati, ndipo ndinawalozera pamwamba pa mutu wanga. Anaseka, n'kunena kuti anauzidwa kuti ndi windo lolowetsa mphepo. Ndinawafotokozera mphepo yake. Anazunguza kapu m'sosa. Kenaka anandiuza, m'Chinyanja chawo chosakaniza, kuti zaka zonse za unyamata wawo nyama ankagulira pa kawindo kotero, yokulungidwa kale, osaloledwa kuiona, ndipo ukafika kunyumba unkapeza mafupa okhaokha.

Gidiyoni anafika tili pamenepo. Anauza ba Chanda kuti ayambe ntchito, mayiyu achoka fumbi likayamba kumugwera. Ba Chanda anaimirira, anavula chipewa.

"Mukwai, bwana wanga, mundikhululukire. Manja aya mawindo otero anatseka ufulu utabwera, ndipo ndinavina tsiku limene ndinatseka. Funani wina."

Anatenga thumba lawo n'kutuluka. Sitima inali itangofika kumene, matebulo onse anali odzaza, ndipo aliyense anali atamva. Gidiyoni anabwera pafupi n'kundiuza motsitsa mawu kuti ndidzuke, ndikumuchititsa manyazi pamalo pa atate ake.

"Ndidzuka mukapukuta choko, bwana," ndinatero. Ulendo uno ulemu sindinauiwale.

Sanapukute. Anaima pang'ono, anayang'ana anthu, anthu anamuyang'ana, iye n'kutuluka. Ine ndinakhala pampando uja mpaka nthawi yotseka, miyendo itachita dzanzi, kuopa kuti angabwere ndi mmisiri wina. Sanabwere naye. Ndinamva pambuyo pake kuti anayesa awiri, koma ba Chanda anali atawapeza kale. Nkhani inakwera malole. Loweruka dalaivala wina anabweretsa uthenga wa Bana Mwape kwa Gidiyoni, wakuti ku Kapiri mpando wake wauika kale pakhoma, akungodikira choko. A ku Mkushi, a ku Serenje ndi a ku Chisamba anatumiza mawu ofanana. Palibe malo a Khalani Pansi amene anabooledwa, chaka chimenecho kapena china chilichonse. Atsikana awiri anachotsedwadi ntchito shuga atasowa miyezi yotsatizana, ndipo zimenezo ndimazisenza ine.

Kalata yanga inabwera Lolemba. Inati sindinenso manijala, ndibwerere ku Katondo ngati wophika, ndipo nyumba ya ku Kamushanga ndituluke mwezi ukatha. Amayi a kutchalitchi anandikakamiza kuti ndikagwade kwa Gidiyoni, akuti mwanayo mtima wake si mwala. Ndinakana. Bwana ali ndi ufulu wochotsa manijala amene wamukana pagulu, zimenezo sindinatsutse. Chimene sindikanatha ndi kukanena kuti ndinalakwa.

Ku Katondo ndinagwira zaka zina khumi, pa mbaula pomwe ndinayambira, mpaka ndinapuma mu 1989 mawondo atakana. Gidiyoni anakula nzeru, anaiyendetsa bwino bizinesi m'zaka zovuta, anatsegulanso malo ku Mumbwa, ndipo chinthu choyamba chimene anatumizako chinali mipando. Sanandipepese, inenso sindinamupepese. Tinkalonjerana bwinobwino kutchalitchi, ndipo pamaliro a atate ake ndine ndinaphika tiyi.

Makandanyama

Tinasamuka mvula ili pakati. Tinapeza zipinda ziwiri ku Makandanyama, denga lodontha, madzi okatunga kutali, nyali ya palafini m'chaka chimene palafini ankasowa. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma kwathu zinatembenuka, anadya ndi wamkulu zinapota ana. Inu aang'ono munazolowera msanga, matope anali masewera kwa inu. Amene zinamugwera ndi Malita, amene chaka chimenecho ankalemba mayeso a Fomu Fili.

Malita, mwana wanga, mutu uno ndalembera onse koma mawu otsalawa ndi ako. Tsiku losamuka, titakweza katebulo kako pangolo, unaima pansi pa gwafa uja n'kundiyang'ana m'maso.

"Amama, mwasinthanitsa nyumba yathu ndi khoma la eni."

Ndinakumenya mbama. Ndiyo mbama yokhayo imene ndinakumenyapo chibadwire chako. Miyezi yotsatira unkatunga madzi m'malo mowerenga, mabuku ako ananyowa kawiri, mayeso unalephera, ndipo unesi unathera pomwepo. Wagulitsa tomato pamsika moyo wako wonse, walera ana ako bwino, wandisamala ine, ndipo sunayambe wabwerezanso mawu aja. Inenso sindinayambe ndawayankha.

Unanena zoona, khoma linali la eni. Mbama ija undikhululukire, ndinakumenya chifukwa ndinalibe chokuyankha. Za unesi wako ndimalira mpaka lero, ndikaona mtsikana wovala zoyera kuchipatala ndimayang'ana kumbali. Koma za mpando uja sindikupepesa, ndipo usadikire kuti ndidzapepesa ndikadzagona pamphasa yomaliza. Atajambulanso choko mawa, ine ndi mawondo anga owolawa ndingakokenso mpando, ndipo iwe ungalepherenso mayeso aja. Ndiye mayi amene Mulungu anakupatsa ameneyo.